Telesikopu Yotchipa ya Ba Zgambo

Panali munthu wina ku Kambombo, mphunzitsi wa sayansi, dzina lake Wilfred Zgambo. Ankalakalaka kukhala ndi telesikopu, chida choonera mwezi ndi nyenyezi, koma zabwino zinali zodula.

Tsiku lina anapeza munthu pa Fesibuku akugulitsa yotchipa kwambiri. Wogulitsayo anati, "Bwana, iyi ngakhale dzuwa muziliona. Ili ndi kagalasi kakuda koika poonera."

Katunduyo atafika, mphunzitsi mnzake Damaris, yemwe anagwirapo telesikopu ku koleji, anakayang'ana kagalasiko n'kupukusa mutu.

"Ba Zgambo, aka katayeni. Chotchinga dzuwa chenicheni chimaikidwa kutsogolo kwa telesikopu. Aka kakatentha kamasweka."

"Manje chenichenicho ndichigula ndi chiyani, salale yathuyi?" anayankha Wilfred. "Galasi ndi galasi, madamu."

Loweruka masana analozetsa telesikopu kudzuwa n'kuona timadontho takuda padzuwapo. Anasangalala mpaka anaitana mwana wake wamkazi, Purity, wa Giredi 9. Mtsikanayo atangoika diso, kagalasi kaja kanang'aluka.

"Adadi, diso langa! Diso langa!"

Wilfred anamuthira madzi kumaso, osathandiza. Anathamanga khomo ndi khomo kupempha njinga yamoto, mpaka wina anavomera kuwatengera kuchipatala. Panjira anapeza mtsinje utadzaza, ndipo mwini njinga anakana kuwoloka. Wilfred anabereka mwanayo n'kulowa m'madzi ofika m'chifuwa, akupemphera mokuwa.

Kuchipatala ku Chama adokotala anaunika disolo nthawi yaitali.

Wilfred anagwada. "Adokotala, chotsani langa mumuike. Ali ndi mayeso chaka chino. Chonde!"

"Dzukani, bambo. Diso lapsa m'kati. Tikutumizani kwa akatswiri ku Chipata, koma sindikulonjezani kanthu."

Ali panja anaimbira wogulitsa uja. Foni inali yozima. Anaimbanso, anaimbanso, mpaka batire inatha.

Ku Chipata anauzidwa zomwezo. Pobwerera m'basi, Purity anatseka diso labwinolo ndi dzanja n'kutembenukira kwa bambo ake.

"Adadi, makutu anu ndikuwaona. Koma nkhope palibe."

Wilfred anabisa nkhope m'chipewa, analira mpaka ku Lundazi.

Phunziro: Kutchipa si mlandu, koma chinthu choteteza thupi musachigule poona mtengo wokha. Wodziwa akakuchenjezani, mverani. Musayang'ane dzuwa ndi telesikopu kapena magalasi okayikitsa. Tumizani nkhaniyi kwa aphunzitsi ndi makolo onse amene muli nawo m'foni.