Mpanda wa Chule

Padangokhala, padangotero, Chule adatopa ndi kupempha ndiwo kwa eni, nalima kadimba kake koyamba kuseri kwa nyumba. Adafesa mpiru m'mabedi awiri okha. Keni yothirira adalibe, choncho madzi ankatunga ndi chigoba cha nkhono, maulendo makumi atatu m'mawa uliwonse, mpaka msana udapindika.

Mbuzi, neba wake, ankangodutsa osagwirako ngakhale khasu. Mpiru utabiriwira, Chule adamanga mpanda wa mapesi.

Mbuzi adaima panja nakweza mawu kuti mudzi wonse umve. "Aa, a Chule, mpanda? Ndiye ife tasanduka akuba tsopano? Timabedi tiwiri tomweti mwayamba kale kunyada?"

Tsiku limenelo kuchitsime palibe adayankha moni wa Chule. Manyazi adamugwira, nakazula mpandawo ndi manja ake omwe.

"Eya, kukhalirana ndi kumeneku," adatero Mbuzi. "Ine ndingolawako tsamba limodzi."

Koma tsamba limodzi la mbuzi limabwera ndi mizu yomwe. Mawa lake adadza ndi ana ake, mkuja ndi alamu ake. Sabata isanathe, m'mabedi mudatsala ndowe zokhazokha.

Chule adatenga kambale nakapempha ndiwo kwa Mbuzi. Mbuzi adamuyang'ana uku akutafuna.

"Kodi inu si muli ndi dimba? Vuto lanu ndi ulesi, a Chule. Wanzeru akalima, amamanga mpanda."

Mpaka lero Chule amakhala khosi lili lotupa, chifukwa mawu amene adameza tsiku lija sadatsikebe.

Yathera pomwepa, ngati mpiru uja.