Tsiku Lodula Mpanda wa M'malire

"Dulani, achimwene, dzuwa latiwotcha!" anakuwa mlonda wa nkhalango wa dziko linalo, ali kuseri kwa mpanda.

A Zigamba anagwira chodulira waya ndi manja onse awiri. Dzinali analipata chifukwa kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali yolumikiza mpandawu njovu zikauthyola. Tsopano maiko awiriwa anali atagwirizana pamsonkhano kuti nkhalango ikhale imodzi, nyama ziziyenda mmene zifunira, ndipo mwayi wodula waya woyamba unaperekedwa kwa iwo.

Waya unaduka n'kudzipinda ngati njoka. Alonda a mbali zonse anawomba m'manja, ena likhweru, amayi a ku ofesi nthungululu.

Kenaka onse anafa nalo phwete. A Zigamba anayang'ana pansi. Manja awo anali atatola kale nsonga ziwiri zija, akuzipota pamodzi.

"Aaa, achimwene, mukulumikizanso?" anafunsa mlonda uja.

"Pepani, manjawa sanapite nawo kumsonkhano."

Mwadzidzidzi wina analoza kuthengo. "Alamu anu aja abwera!"

Inali njovu yothyoka mnyanga, yomwe inkawagwetsera mpanda chaka ndi chaka. Anthu anathamangira kumagalimoto. A Zigamba anatsala pomwepo, navula chipewa.

"Dutsani, alamu! Khomo ndi limenelo, lero sindikutukwanani!"

Njovu inafika, inanunkhiza pampata paja, n'kukupiza makutu. Kenaka inasendera pambali, inatsamira mzati womwe unali chilili, n'kuugwetsa kuti khu! Inadutsa pomwepo.

"Asiyeni," anatero a Zigamba, akupukuta misozi ya chiseko. "Nawonso kumsonkhano kunalibe."