Mjigo Wopatsa Moni

Mjigo wa m'mudzi mwathu sutulutsa madzi usanakupatse moni. Umafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji?" kenako umamvetsera. Ukamva chisoni m'mawu ako kwa masabata opitirira awiri, umatulutsa kapepala kachikasu kokuitanira kwa mlangizi wa zamaganizo.

Chimwalirireni bambo athu, mng'ono wanga Tinyade anasiya kudya, anasiyanso mpira wamanja. Amayi anamuletsa kupita kumjigo.

"Anthu aziti mwana wanga wazungulira mutu," anatero, n'kuyamba kukatunga okha.

M'mawa uliwonse ankauyankha mjigowo kuti, "Tadzuka bwino," monga tonse tinaleredwera. Lachiwiri lapitali anabwerako atafumbata kapepala kachikasu. Panali dzina lawo.

"Chitsulo chimenechi n'chamwano," anatero. "Ine ndinayankha bwinobwino."

Tinyade, yemwe anali atatha mwezi osatsegula pakamwa, anatenga kapepalako.

"Amayi, ndimakumvani mukulira kubafa. Ndimakhala chete kuti ndisakuwonjezereni."

Amayi anakhala pakhonde nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba n'kumanga chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Apa alemba munthu mmodzi," anatero, "koma benchi ya kumeneko ndi yaitali. Tinyade, kasambe, tizipita."