Mchere wa Kusiwa

Mwamva zomwe anthu akunong'onezana kumjigo? Akuti makina a msonkho aja tsopano akumadziwa ngakhale shelefu ikapepuka. Tamvani za aNazimbiri, mayi wa okala ya pamphambano.

Lamulo mukulidziwa: chilichonse chotuluka mu okala chidutse pamakina, wogula adinde chala, boma lione pompo. Batani la "ndangopatsa" palibe, ndipo chala cha mwini okala makinawo amachikana. Ukaphonya katatu, chitseko chimadzikhoma chokha, geni yathera pomwepo. ANazimbiri anali ataphonya kale kawiri chifukwa cha basela. Masiku ano akamagulitsa tomato amapana dzanja lamanzere m'khwapa, kuti lisawonjezere lokha.

Lachiwiri m'mawa kunabwera alamu awo aEsinta, maso ali psuu. Mwana wawo anali atangomwalira.

"Alamu, kusiwa kulibe mchere. Paketi imodzi yokha."

"Pepani alamu, ingodindani chala apa ngati mwagula."

"Ndigule? Mchere wa pamaliro a mwana wa mlongo wanu weniweni?"

Azimayi opita kusiwa anaima pakhonde n'kumamvetsera. ANazimbiri anakumbukira kuti ana awo anayi amadya za okala yomweyo. Anatambasula dzanja, nanyamula paketi ija pang'ono chabe. Kanyali kobiriwira ka pamakina kanayamba kuphethira mofiira, chitseko n'kulira kuti tswii.

Tandiuzani inuyo, mukanaibwezera pashelefu paketi ija, tsiku la maliro a kwanu akanabwera ndani?