Thumba la Mayi Kamchira

"Dzina lanu mulibemo, mayi," anatero kalaliki wa bungwe logawa chimanga ku Kalembo, akusisita foni yake.

Abiti Mpango, omwe anatha sabata akudya mango owiritsa, anatembenukira Sabiti, mwana wa mchimwene wawo. Ndiye anapangira bungwelo webusaiti yolembapo anthu ovutika ndi njala.

"Iwe, sunandilembe ndi chala chako Lachiwiri?"

"Ndinakulembani, azakhali," anatero Sabiti. "Kungoti mawebusaiti alipo awiri, onse amakhala pa intaneti, komwe timati kumtambo. Ina ndi yoyeserera, ina ndi yeniyeni. Inu ndinakulembani pa yoyeserera, ndipo kalembera watsekedwa."

"Ndiye kuti njala yangayi ndi yoyeserera? Kumtambo kwatimana mvula chaka chonse, iwe n'kukasungitsako dzina langa? Zonyansa."

Kalaliki anapitiriza kuitana. "Mayi Kamchira. Alipo Mayi Kamchira?"

Sabiti anagwira kumaso. Poyesa webusaiti ija analembamo mayina opeka, ndipo limodzi linali la mbuzi ya azakhali akewo. Tsiku lotumiza ntchito kumtambo, dzinalo linakwera nawo pa yeniyeni.

Abiti Mpango analavulira pambali, n'kumangitsa chitenje, n'kupita kutsogolo.

"Mayi Kamchira ndinu?"

"Mukufuna ndilire mee kuti mukhulupirire?"

Kalaliki anaseka, n'kuwadinditsa chala. Iwo anakodola Sabiti.

"Senza, bwana wa kumtambo, ndipo usenze mwaulemu. Ndi thumba la malemu ili. Tinawadya mu Januwale, koma taona, akutidyetsabe."