Ng'oma ya Bambo Ayanwale

Bambo Ayanwale atavekedwa chipewa cha mawaya choyezera ubongo, akazi awo, Mayi Abeni, anapukusa mutu.

"Adokotala, munthuyu chidwalireni sitiroko sanatulutsepo liwu. Ndiye mankhwala ake akhale ng'oma?"

Dokotala Folarin anawapatsabe Bambo Ayanwale ng'oma yawo yakale, imene inkatamanda mafumu mu mzinda wonse wa Ibadan. Mkuluyo anaipanira m'khwapa n'kuyamba kuimenya, kulira kwake kukukwera ndi kutsika ngati mawu a munthu.

Pa kompyuta, mbali ya ubongo yopanga mawu inayaka ngati khala lamoto.

"Mayi, taonani! Uku si kuimba, akulankhula," dokotalayo ananong'ona. "Akuti chiyani?"

Mayi Abeni anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

"Akundiitana ndi dzina langa la pautsikana." Anamvetseranso, kenaka anaseka. "Akutinso ndichepetse kulongolola."