Mphindi Zinayi pa Siteshoni Yapakati

Sitima itangoima pa siteshoni yapakati, a Guluu anapukuta zenera ndi mkono wa jekete n'kukhala ngati akuwerenga nyuzi. Kuwerenga kwake kuti? Nyuziyo inali ya dzana.

Dzina la Guluu anapatsidwa kuntchito, ku laibulale ya yunivesite, kumene ankamata mabuku othothoka masamba. Kwawo kunali kumzinda wa mafakitale, m'nyumba imene anawasiyira malemu mayi awo, ndiye m'mawa uliwonse ankakwera ya sikisi koloko. Zaka makumi anayi ndi zitatu, batchala wotheratu, woti chibadwire anali asanafunsirepo mkazi. Akati ayese, mawu ankathawira m'mimba.

Njanji ndi imodzi, choncho pa siteshoni imeneyi sitima ziwiri zimadikirana mphindi zinayi, yopita ku yunivesite ndi yochokera kumeneko. Mazenera amachita kuyang'anizana. Ndipo pazenera loyang'anizana ndi la a Guluu pankakhala mayi wina wa jekete yobiriwira, wogwira ntchito ku fakitale ya nsapato kumzinda wa a Guluu uja. Mwezi wathunthu tsopano, mayiyu ankati akawaona, kumwetulira, kenako kukweza dzanja.

Mthenga analipo. Mayi a Tiyi ankagulitsa tiyi m'sitima ya a Guluu, ndipo pa siteshoni yapakati ankatsika ndi ketulo yawo n'kukwera inayo kubwerera. Nkhani imene amva uku, mawa lake yafika uko. Pakamwa pawo panalibe chotsekera.

"Achimwene," anatero tsiku lina akuthira tiyi, "ndamuuza kuti mumakhala nokhanokha m'chinyumba cha zipinda zinayi. Mukanaona maso ake! Ndiye akufunsa ngati denga silidontha."

Denga linkadontha, osati pang'ono. Loweruka lomwelo a Guluu anakwera pamwamba ndi hamala, munthu woti akakwera pampando amachita chizungulire.

Lolemba funso linali la madzi, ngati amatuluka tsiku lonse. Lachiwiri, ngati kukhitchini n'kotakasuka. Lachitatu Mayi a Tiyi anaika ketulo pansi kaye, n'kugwira m'chiuno.

"Lero akuti, kodi sukulu ili pafupi?"

A Guluu anatsamwa ndi tiyi.

"Ee, sukulu! Mkazi woona patali ameneyu. Inu mukadali pa moni, mnzanu ali kale pa ana."

Tisaname, a Guluu anagwa m'chikondi, kugwa kwenikweni kopanda wowadzutsa. Anagula tayi. Anayamba kupesa ndi mafuta. Kuntchito anamata chikuto cha buku la zamalamulo pa buku la matenda a nkhumba, ndipo abwana atawafunsa anangoseka ngati apatsidwa mphatso. Koma mantha analinso pomwepo. Ankadziwa kuti mwayi ngati uwu subwera kawiri kwa munthu wa msinkhu wawo, ndipo akaugwetsa adzakalamba akulankhula ndi mipando ya mayi awo.

Lachinayi uthenga unabwera wonenepa.

"Akuti mawa awolokera kuno. Ali ndi pempho, koma sangalitume munthu." Mayi a Tiyi anatsitsa mawu, koma bogi yonse ya sitimayo inamva. "Ine maukwati atatu ndamangitsa m'sitima muno, fungo lake ndimalidziwa. Koma inu achimwene, mphindi ndi zinayi zokha. Mukayamba zachibwibwi zanu zija, sitima ikusiyani."

Lachisanu bogi inadzaza modabwitsa. Ophunzira a ku yunivesite, amene masiku onse amagona pakamwa pali yasa, anali maso gwa. Ngakhale wodula matikiti anapeza chifukwa choimira pafupi. A Guluu anakhala chowongoka, tayi itawakanyanga pakhosi, akubwereza mumtima mawu amodzi okha kuti asawathawe.

Mabuleki analira. Chitseko chinatseguka. Jekete yobiriwira ija inalowa, n'kudzakhala moyang'anizana nawo. Pafupi anali wokongola kuposa pazenera.

"Pepani bambo, nthawi ndi yochepa," anayamba mayiyo. "Nkhaniyi ndaisinkhasinkha mwezi wonse. Mwina muona ngati ndilibe manyazi, kupempha chinthu chachikulu chonchi kwa munthu amene ndangomuonera pazenera. Koma Mayi a Tiyi akuti ndinu munthu wabwino mtima, ndipo ineyo ndatopa, bambo. Moyo wa m'sitimawu wandikwana. Ndiye ndimati ngati mungalole kuti..."

"Ndavomera!"

Mawuwo anatuluka mokweza moti mwini wake anadzidzimuka nawo.

"Koma simunamve n'komwe."

"Chilichonse, mayi. Ndavomera. Anthu onsewa ndi mboni, ndipo ine sindibweza mawu."

Bogi yonse inawomba m'manja. Mayi a Tiyi anaimba nthungululu mpaka chivundikiro cha ketulo chinagwa. Wodula matikiti anagwira a Guluu paphewa n'kuti, "Mwamuna ameneyo!" Mayi uja misozi inalengeza. Anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri, ndipo a Guluu anamva ngati sitima yanyamuka, chonsecho inali chiimire.

"Mulungu akudalitseni, bambo. Simukudziwa chimene mwatichitira."

Kenako anatembenukira kuzenera, n'kugogoda mwamphamvu, chala chachikulu m'mwamba. M'sitima inayo munaimirira chibambo chandevu, manja onse m'mwamba, mano onse pamtunda.

"Awo ndi amuna anga. Ankati simungalole kusinthana nafe nyumba, poti yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndi ana anayi sitikukwanamo. Koma ili kuseri kwa laibulale yanu, bambo. Taganizani, simudzakweranso sitima imeneyi mpaka kalekale!"